Kakongoletsedwe ka tsamba la pemphero ndi golide, motsata amisiri a mabuku a Horae

Kuyambira zaka za m'ma 1200 mpaka m'ma 1500, buku limene anthu wamba odziwa kuwerenga ku Ulaya ankalilakalaka kwambiri linali kabuku ka mapemphero a m'Chilatini kotchedwa Horae. Ansembe ndi amonke anali ndi buku lawo lalikulu la mapemphero a tsiku ndi tsiku, ndipo Horae inali chidule chake chokonzera anthu a pakhomo. Inkagawa tsiku m'nthawi zisanu ndi zitatu zopempherera, kuyambira mbandakucha mpaka pogona. Ambiri mwa eni ake anali amayi, ndipo buku linkachoka m'manja mwa mayi kupita kwa mwana wake wamkazi. Mwa mabuku onse olembedwa pamanja a nthawi imeneyo, a mtundu umenewu ndiwo atsala ochuluka.

Pano tipanga tsamba limodzi lokha, loyambira pemphero la mbandakucha, limene m'Chilatini mutu wake umalembedwa Ad matutinas. Chimene ndikufuna muchigwiritse ndi ndondomeko ya ntchito: mawu choyamba, kenako golide, kenako utoto, ndipo timizere toyera ndi takuda kumapeto. Amisiri akale sankasintha ndondomeko imeneyi, ndipo tikamapita muona chifukwa chake.

Yambani ndi kupenyetsetsa masamba akale

Malaibulale ambiri anaika zithunzi za mabukuwa pa intaneti. Lotchuka kuposa onse ndi Très Riches Heures, limene abale atatu a kwa Limbourg ankajambulira Jean, mfumu ya dera la Berry ku France. Atatuwo pamodzi ndi mwini bukulo anamwalira onse mu 1416 ntchito isanathe, ndipo Jean Colombe ndiye anadzaimaliza m'zaka za m'ma 1480. Lero lili m'nyumba yosungira zinthu zakale ya Musée Condé, mu mzinda wa Chantilly ku France. Lionenitu, koma musayambire pamenepo, chifukwa lingokufooketsani. Onaninso kabuku ka mfumukazi Jeanne d'Evreux kamene Jean Pucelle anajambula ku Paris m'zaka za m'ma 1320, kotalika masentimita 9 okha, ndiponso buku la Catherine wa ku Cleves la cha m'ma 1440, limene m'mphepete mwa masamba ake muli ndalama, zikwere za mbalame ndi nkhono za m'nyanja. Koma oti akuphunzitseni ndi mabuku wamba a ku Paris ndi Rouen a m'ma 1400, amene ankagulidwa ndi amalonda ndi akazi awo. M'menemo ntchito imaoneka bwino mmene inayendera.

Poyang'ana, onani kukula kwa zilembo zoyambira. Mabukuwa analibe manambala a masamba oti muwerengere, ndiye zokongoletsazo ndizo zinkalondolera wopemphera. Chithunzi chachikulu chinkatanthauza kuti chigawo chatsopano chayamba. Chilembo chotenga mizere itatu kapena inayi chinkatsegula pemphero la nthawiyo, cha mizere iwiri chinkatsegula salimo kapena nyimbo, cha mzere umodzi chinkasonyeza ndime. Ngakhale munthu amene Chilatini chinkamuvuta ankadziwa pamene ali. Akaona mngelo Gabriel akulonjera Maria, ndiye kuti ndi pemphero la mbandakucha; Maria akuchezera Elizabeti, kwacha; kenako kubadwa kwa Yesu, abusa, anzeru a kum'mawa, kuperekedwa kwa mwana m'Kachisi, kuthawira ku Iguputo madzulo, ndi kuvekedwa chisoti kwa Maria pogona. Akaona Davide atagwada ndi zeze wake, afika pa masalimo asanu ndi awiri a kulapa. Choncho musakulitse chilembo chifukwa choti mwachikonda. Kukula kwake kuli ndi ntchito.

Chikopa kapena pepala

Mabukuwa ankalembedwa pa chikopa cha mwanawang'ombe, nkhosa kapena mbuzi. Sichinali chikopa chofufuta cha nsapato. Kakonzedwe kake kakuyandikira kwa opanga ng'oma: kupala, kukunga ndi kuumitsa.

Ngati mukufuna kuyesa, tengani chikopa cha mbuzi yaing'ono, muchitsuke ndi kuchiviika m'madzi tsiku limodzi. Kenako chimizeni m'madzi a laimu kwa sabata kapena kupitirira pang'ono, mukuvundula tsiku lililonse ndi mtengo. Valani magolovesi, laimu amaotcha manja. Ubweya ukayamba kusosoka ndi chala, chiyaleni pa chipika chosalala, mupale ubweya mbali ina, mafuta ndi timinofu mbali inayo. Tsukulutsani m'madzi oyera masiku awiri. Pochikunga pa chimango cha matabwa musaboole mabowo, chifukwa amang'ambika chikopa chikamauma. Kulungani timiyala m'mphepete mwa chikopacho, mumange chingwe pakhosi pa kamwala kalikonse, ndi kukokera ku chimango. Palani ndi mpeni wopindika chikadali chinyezi, umitsani pamthunzi, palaninso chitauma mpaka chipyapyale, ndipo malizani ndi sandipepa wosalala ndi ufa wa choko wochotsa mafuta. Zodula za m'mphepete musataye, mudzaphikira guluu.

Ntchito imeneyi ndi yaikulu ndipo imanunkha. Tsamba loyamba ndi bwino kulipanga pa pepala lochindikala ndi losalala, la ojambula ndi utoto wa madzi. Pepala la fotokope limakwinyika likangonyowa.

Kulemba mizere

Dulani tsamba la masentimita 13 m'lifupi ndi 18 m'litali. Siyani masentimita 2 mbali ya kumsana wa buku, 4 mbali ya kunja, 3 pamwamba ndi 5 pansi. Pakati patsala malo a mawu a masentimita 7 ndi 10, okwana mizere 14 yotalikirana mamilimita 7. Mudzaona ngati malo opanda kanthu achuluka, koma ndimo mudzakhale masamba ndi maluwa, ndiponso zala za wogwira buku.

Alembi akale ankabaya timabowo ndi chitsulo chosongoka m'mphepete mwa masamba angapo nthawi imodzi, n'kulumikiza mabowowo ndi rula. Inunso bayani ndi singano. Mizere ankailemba ndi kachitsulo ka mtovu kapena ndi inki yofiirira yosungunula kwambiri, ndipo sankaifufuta, inali mbali ya kukongola kwa tsamba. Pensulo yolimba ikwanira.

Nthenga ndi inki

Nthenga yabwino ndi ya tsekwe, imodzi mwa zisanu zazitali za kunsonga kwa phiko. Ya nkhukundembo imagwiranso ntchito. Ngati mumalembera dzanja lamanja, sankhani ya ku phiko lamanzere, chifukwa imapindikira kutali ndi nkhope. Nthenga yongothothola kumene imakhala yofewa. Mungaisiye miyezi ingapo kuti iume yokha, kapena dulani nsonga, muiviike m'madzi usiku umodzi, kenako muibaye mu mchenga wotentha kwa kamphindi mpaka isanduke yoonekera mkati. Palani kakhungu ka pamwamba, muchotse za mkati, ndipo sadzulani ubweya wa nthengayo kuti isakusokonezeni.

Posema, gwiritsani mpeni wakuthwa kwambiri. Dulani mopendeketsa kunsi kwa nsonga, ng'ambani kamng'alu kafupi pakati, semani mbali zonse ziwiri mofanana mpaka nsonga itsale ya milimita imodzi m'lifupi. Pomaliza igonekeni pa thabwa lolimba ndi kudula nsongayo kamodzi kokha, mowongoka. Mudzainola pafupipafupi. N'chifukwa chake pa zithunzi zakale mlembi amaoneka ndi nthenga dzanja lamanja, mpeni dzanja lamanzere: mpeniwo unkanola, kupanikiza chikopa, ndi kupala chilembo cholakwika.

Inki yawo inkachokera ku timibulu tomera pa mtengo wa oak pamene kachirombo kaikira mazira. Ankatiphwanya, kutiviika, n'kuthiramo mchere wa chitsulo ndi utomoni wa mtengo wa minga. Inki imeneyi imatuluka yotuwa pa nthenga, n'kumada pang'onopang'ono ikakumana ndi mpweya. Mungapange yofanana nayo ndi tiyi. Wiritsani masupuni anayi a masamba a tiyi m'kapu imodzi ya madzi mpaka atsale theka, musefe. Pambali, ikani waya wotsukira mapoto m'botolo la viniga kwa masiku angapo, osatseka kolimba chifukwa mumatuluka mpweya. Donthezerani madzi a chitsulowo mu tiyi, muona akuda pomwepo. Onjezani utomoni wosungunula pang'ono kuti inki igwire nthenga. Siida kwambiri ngati yakaleyo, koma imalembeka bwino.

Kulemba mawu

Mawu a tsamba lathu ndi awa, ndipo m'mabuku a nthawiyo ankalembedwa ndi zilembo zazing'ono pafupifupi paliponse:

Domine labia mea aperies. Et os meum annuntiabit laudem tuam. Deus in adiutorium meum intende. Domine ad adiuvandum me festina. Gloria patri et filio et spiritui sancto.

Ziganizo ziwiri zoyambazo ndi za mu Salimo 51, limene m'Baibulo la Chilatini ndi la 50: wopemphera akupempha Ambuye atsekule milomo yake kuti pakamwa pake palengeze matamando. Ziwiri zotsatira ndi zoyambira Salimo 70, zopempha Mulungu afulumire kudzathandiza. Ndi mawu oyamba a tsiku, munthu asanalankhule ndi wina aliyense, ndipo n'chifukwa chake D wake ndiye amalandira ulemu waukulu m'buku lonse.

Musanalembe, ikani chizindikiro pa malo a zilembo zokongoletsa. Siyani bwalo la mizere inayi la D woyamba, malo a mizere iwiri a D wa Deus, ndi malo a chilembo chimodzi a E, D ndi G otsalawo. M'malo alionse lembani kachilembo kakang'ono ka pensulo kokukumbutsani. Alembi akale ankachita chimodzimodzi, popeza wolemba ndi wokongoletsa nthawi zambiri anali anthu awiri osiyana, mwina okhala m'nyumba zosiyana, ndipo wogulitsa mabuku ndiye ankayendetsa masamba pakati pawo.

Pendeketsani thabwa lolembera kuti inki isathamangire kunsonga. Gwirani nthenga mopendekera pafupifupi madigiri 45, ndipo musaitembenuze m'zala. Kalembedwe ka Gothic kamamangidwa ndi timizere tochindikala toimirira, tokhala ndi kakona pamwamba ndi pansi. Chinsinsi chake ndi mpata: mpata wa pakati pa timizere tiwiri ukhale wofanana paliponse, wongokulirapo pang'ono kuposa kamzere komweko. Yesani mawu akuti meum ndi annuntiabit pa pepala lina mpaka ayende mofanana. Zilembo zisakhale pa mzere penipeni, ziyandame pakati pa mizere iwiri, ndipo yambani pansi pa mzere wa pamwamba, osati pamwamba pake. Malo akachepa, fupikitsani monga ankachitira: kamzere pamwamba pa chilembo kamaimira m kapena n wosiyidwa. Mutu wakuti Ad matutinas ulembeni ndi utoto wofiira. Mukatha, siyani tsamba ligone usiku wonse, ndipo pa ntchito yonse yotsatira phimbani mawuwo ndi pepala loyera kuti dzanja lisawakhudze.

Kujambula D ndi za m'mphepete

Jambulani choyamba pa pepala lina. D wa mtundu uwu ndi wozungulira, wonenepa m'mbali, wokhala m'bwalo la makona anayi, ndipo kamchira kake kamatulukira kumanzere. Kuchokera pa kamchirako tsitsani kandodo kopyapyala kotsata mawu mpaka pansi. Pa kandodoko ndipo pamaphukira timitsitsi topotana tokhala ndi timasamba ta nsonga zitatu, timene amisiri a ku Paris a cha m'ma 1400 ankadzaza nato m'mphepete. M'kati mwa D ikani nthambi yopotana ya timasamba titatu kapena tinayi. Mukakhutira, detsani kumbuyo kwa pepalalo ndi pensulo, muligoneke pa tsamba lanu ndi kudutsanso mizere. Amisiri akale nawonso ankakopera zojambula za m'nyumba mwawo, nthawi zina pobaya timabowo ndi kuwaza ufa wa makala. Si manyazi. Kenako tsatirani mizereyo ndi inki yosungunula.

Sankhaniratu pamene padzakhale golide: bwalo lozungulira D ndi m'kati mwake, theka la kandodo, timasamba tonse ta m'mphepete, D wa Deus, ndi zilembo ziwiri zazing'ono.

Golide

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo musapupulume. Golide amabwera utoto usanapakidwe pa zifukwa ziwiri. Tsamba la golide limamatira pa utoto ulionse wokhala ndi utomoni, ndiye likanadetsa mitundu yanu. Komanso pomuwalitsa mumakwecha ndi mwala, ndipo mwalawo ukanakanda utoto.

Golide wa m'mabukuwa amaoneka wotukuka chifukwa pansi pake pali kamtsamiro ka phala loyera lotchedwa gesso. Kamtsamiroko ndiko kamachititsa kuti kuwala kugwe mbali zosiyanasiyana tsamba likamatembenuzidwa. Maziko ake ndi ufa umene achipatala amaumbira chikhakha, koma wophedwa mphamvu. Thirani ufawo pang'onopang'ono m'ndowa ya madzi ambiri mukuvundula kosalekeza kuti usaume, ndipo kwa mwezi wathunthu muzitaya madzi a pamwamba, kuthira ena ndi kuvundulanso tsiku lililonse. Kenako finyani pa nsalu, muumbe timibulu, muumitse. Alembi ambiri a masiku ano amasakaniza magawo 8 a ufa umenewu, 3 a utoto woyera wa mtovu, limodzi la shuga ndi limodzi la guluu wa nsomba, n'kuwonjezera kadothi kofiira. Utoto wa mtovu ndi poizoni, ndiye m'malo mwake ikani utoto woyera wamakono wa ojambula. Guluu mungamupeze pophika zodula za chikopa zija pamoto wochepa mpaka madzi achite nembenembe, ndipo kadothi kofiira ndi katondo wosefa bwino. Chilichonse chili ndi ntchito yake: ufa ndiwo thupi, guluu amamanga, shuga amakoka chinyezi kuti golide amatire, ndipo katondo amakuthandizani kuona pamene mwapaka.

Perani zonse pamodzi ndi madzi pang'ono pa galasi lochindikala mpaka pasamveke kamchenga. Sungunulani kuti likhale ngati phala la mwana lamadzimadzi. Vundulani modekha ndi chala, chifukwa thovu lililonse lidzasiya kabowo m'golide. Tengani dontho ndi nthenga kapena kaburashi, mulitsitse pakati pa malo ake, ndi kulikokera kumalire. Musapake mobwerezabwereza, lolani donthalo lidzaze lokha n'kutukuka. Pa kasamba kalikonse dontho limodzi likwanira. Goneketsani tsamba mowongoka usiku wonse. Mawa lake palani mabampu ndi lezala, mukweche pang'ono ndi mwala wosalala mpaka phalalo lokha liyambe kuwala. Chilema chilichonse chimene mwasiya apa chidzaonekera m'golide.

Ngati mwezi wodikira wakukanikani, guluu woyera wa akalipentala wosungunula ndi madzi pang'ono amagwira ntchito. Pakani kawiri kapena katatu, mukudikira kuti aume. Satukuka kwambiri ndipo salola kukwecha ndi mwala, koma pophunzirira ndi wabwino.

Masamba a golide ankasulidwa kuchokera ku ndalama. Cennino Cennini, mmisiri wa ku Italy amene analemba malangizo a ntchito yojambula cha m'ma 1400, anadandaula kuti osula ankatulutsa masamba 145 pa ndalama imodzi yagolide yotchedwa ducat pamene oyenera anali 100. Lero gulani golide womata pa kapepala kopyapyala, chifukwa womasuka amauluka ndi mpweya wa m'mphuno. Wonamizira, wopangidwa ndi mkuwa, ndi wotchipa koma ndi wochindikala, samvera phala la shuga, ndipo amada pakapita nthawi.

Ikani golide m'mawa kukadali chinyezi. Nyengo ya mvula ndiyo yabwino. Masana a mu Okutobala phala limauma musanafikitse golide. Tsekani mawindo. Dulani kachidutswa kokulirapo pang'ono kuposa malo ake, mukagwire dzanja limodzi. Pindani pepala likhale kapaipi, mulozetse pa phala, ndipo pumirani mpweya wofunda wa pansi pa chifuwa kawiri kapena katatu, mosauzira mwamphamvu. Samalani malovu asadonthe. Nthawi yomweyo gonekani golide, mupanikize ndi chala, makamaka m'mbali mwa kamtsamiro. Chotsani kapepala. Pamene sipanagwire pumiraninso, muikenso. Ikani tsamba lachiwiri pamwamba, popeza golide amamatira pa golide mnzake. Pukutani ndi kansalu ka silika, musiye ola limodzi.

Kenako kwechani. Akale ankagwiritsa dzino la galu lomangirira ku kamtengo, kapena mwala wosalala wa hematite. Mwala ulionse wolimba wosalala kwambiri ungathandize, ngakhale msana wa supuni yaing'ono, mutayala kapepala koterera pakati poyamba. Yambani mopepuka, mozungulira. Mukamva mwala ukukakamira, lekani, phala likadali lonyowa. Likauma bwino, mudzaona golide akusintha pansi pa dzanja lanu, kuchoka pa chikasu chakufa n'kuyamba kuonetsa nkhope. Sesani zotsala ndi burashi yofewa, muzisunge. Mukazipera ndi uchi, n'kutsuka uchiwo ndi madzi, n'kusakaniza ufawo ndi utomoni, mupeza golide wopaka ndi burashi, amene akale ankamusunga m'chigoba cha nkhono ya m'madzi.

Utoto

Utoto wa m'buku ndi ufa wa mtundu wosakaniza ndi chomatira. Chomatira chimodzi ndi utomoni wosungunula. China ndi choyera cha dzira: chipatuleni bwino ku chikasu, muchimenye mpaka chonse chisanduke thovu louma, musiye mbale itapendekeka usiku wonse. Madzi amene adzatsikire pansi ndiwo mukuwafuna. Onjezani kadontho ka uchi kuti utoto usang'ambike tsamba likapindika. Malangizo akale amati thovu likavuta ikanimo kaphula ka m'khutu, ndipo zimagwiradi, chifukwa mafuta amaswa thovu.

Mtundu wolemekezeka kuposa yonse unali buluu wa mwala wa lapis lazuli, wokumbidwa ku Badakhshan ku Afghanistan ndi kulowa ku Ulaya makamaka kudzera ku Venice. Mtengo wake unkapikisana ndi wa golide, ndipo kawirikawiri ankasungira chovala cha Maria. Mabuku otchipa ankagwiritsa mwala wa azurite, umene ukaperedwa kwambiri umatuwa. Buluu wofanana ndi wa lapis lazuli uja anthu anapeza njira yomupangira ku France m'zaka za m'ma 1820, ndipo ndi amene ali mu buluu wochapira zovala wa ufa kapena wa kamtanda. Musungunuleni m'madzi, mudikire ufa ukhazikike, mutaye madzi a pamwamba kawiri kapena katatu kuti soda achoke.

Wofiira wawo wowala unali wa mekyule kapena wa mtovu, wachikasu wina unali wa aseniki, woyera unali wa mtovu. Yonseyi ndi poizoni, isiyeni. Wobiriwira ankaupanga poika mkuwa pa nthunzi ya viniga, ndipo m'mabuku ena unadya chikopa mpaka kuboola. Inu mungapeze wofiira ndi wachikasu ku dothi. Vundulani katondo m'madzi, dikirani kamphindi kuti mchenga umire, tsanulirani madzi ofiirawo m'chotengera china, agone usiku, mutaye madzi, muumitse zotsalira. Wakuda ndi mwaye wa nyali. Mitundu imene simungapange gulani ya gouache, utoto wa madzi wosaonekera mkati, umene ndiwo uli pafupi ndi wakalewo. Penti wa mafuta asayandikire tsamba. Maburashi akale anali a ubweya wa kumchira kwa gologolo wolowetsa mu nthenga. Inu pezani awiri ang'onoang'ono a nsonga yabwino.

Ku laibulale ya yunivesite ya Göttingen kuli kabuku ka malangizo ka cha m'ma 1450 kosonyeza masamba a zomera okongoletsera atajambulidwa kangapo, sitepe ndi sitepe, ndipo Baibulo la Gutenberg limene lili komweko, limodzi mwa mabuku oyamba kusindikizidwa ndi makina ku Ulaya, linakongoletsedwa motsata njira yomweyo. Njirayo ndi iyi. Pakani mtundu wapakati pa malo onse, mofanana, mudikire uume. Pakani mtundu woderapo mbali imodzi yokha, ndi timizere tating'ono totsata kupindika kwa chinthucho. Mbali inayo ikani wowalirapo, wosakaniza ndi woyera. Musasakanize mitundu pa tsamba ikadali yonyowa, chifukwa wapansi udzadzuka n'kuchita matope.

D mumupake buluu, ndipo nthambi ya m'kati mwake ikhale ya pinki, timasamba tikusinthana buluu ndi wofiira. Theka lotsala la kandodo ligaweni m'zigawo za buluu ndi pinki. Mitundu iwiriyi pamodzi ndi golide ndiyo inanyamula mabuku ambiri a ku France, ndipo ndikukulangizani kuti pa tsamba loyamba musaonjezere ina kupatula wobiriwira pang'ono. D wa mizere iwiri muchite mosemphanitsa: chilembo cha golide, m'kati buluu, kunja pinki. Zilembo za mzere umodzi zisinthane, china cha golide chozingidwa ndi timizere takuda ta nthenga, china cha buluu chozingidwa ndi tofiira. Pamene mzere wa mawu wathera pakati, dzazani mpatawo ndi kandodo ka buluu ndi pinki kokhala ndi kadontho ka golide, kuti mawu onse aoneke ngati chinthu chimodzi cholimba.

Zoyera ndi zakuda

Utoto ukauma, tengani burashi yanu yaing'ono kwambiri ndi woyera wochindikalako. Pa thupi la D jambulani kamzere kopyapyala kotsata m'mbali, ndipo pakati ikani timagudumu, timadontho ndi timafunde. Chitani chimodzimodzi pa kandodo ndi pa kasamba kalikonse. Gwirani burashi choimirira, nsonga yokha ikhudze, mkono utatsamira pa thabwa. Timizere timeneti ndito timadzutsa chilembo, ndipo pamabuku akale ndi pamene mumazindikira dzanja la katswiri.

Kenako zingani golide yense ndi kamzere kakuda ka nthenga. Malire a golide sakhala owongoka ngakhale mutasamala bwanji, ndipo wakudayu amawakonza. Ndi nthenga yomweyo jambulani timitsitsi tolumikiza timasamba ta m'mphepete, kalikonse mokoka dzanja kamodzi kokha, ndi kuika titsitsi tiwiri kapena titatu pa kasamba kalikonse.

Chithunzi ndi kasungidwe

Chithunzi cha Gabriel ndi Maria mungachisiye kaye. Ku Bruges m'zaka za m'ma 1400 zithunzi zambiri zinkajambulidwa pa masamba apadera, opanda kanthu kumbuyo, n'kudzalowetsedwa m'buku posoka, kumanzere, moyang'anana ndi mawu. Inunso mudzachite motero dzanja likazolowera. Zofunika pa chithunzicho ndi Maria wovala buluu ali ndi buku lotsegula, mngelo atanyamula kansalu kolembedwa Ave gratia plena, duwa loyera m'mtsuko, ndi nkhunda ikutsika pa cheza cha golide. Kumbuyo kwawo mungaike timabwalo tosinthana ta golide, buluu ndi wofiira, monga ankachitira asanayambe kujambula zipinda ndi mapiri. Ndondomeko ndi yomweyo: kujambula, golide, mitundu ya pansi, mithunzi, ndipo nkhope ndi manja kumapeto.

Tsamba lomalizidwa lisakhale padzuwa kapena pa khoma la chinyezi. Chikopa chimapindika nyengo ikasintha, n'chifukwa chake mabuku akale anali ndi zikuto za matabwa ndi zokowera zachitsulo zopanikiza masamba. Liikeni pakati pa mapepala awiri oyera ndi makatoni awiri olimba, mumange ndi kachingwe. Mulisunge m'bokosi lotseka bwino, chifukwa mphemvu ndi nyerere zimakonda shuga, uchi ndi dzira zimene zili m'phala ndi mu utoto wanu.